Mpweya Umene Ndinataya pa Phiri la Zomba

Mbiri ya dziko lino ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala pa tsamba la akatswiri a zomangamanga. Ine, Fatsani wa ku Chikanda, ndinasamutsa nyumba yathunthu, mwini wake ali m'kati, kuichotsa pamwamba pa phiri la Zomba mpaka kukaikhazika ku Malosa, tsiku limodzi lokha. Ndingopempha olemba mbiriwo kuti asadzafufuze kwambiri. Akadzatero adzapeza kuti nyumbayo inali ya matayala awiri, kuti woyendetsa sanali ine, ndiponso kuti mwa anthu onse amene anaikhudza tsikulo, amene anatsala pang'ono kuiponya kuphompho ndine ndemwe.

Nyumbayo inali kalavani, ija yokokedwa ndi galimoto, yokhala ndi bedi, kabati ndi kakhitchini m'kati. Amalume anga, a Makwinja, anaphikira mzungu wina pamwamba pa phiri zaka makumi atatu, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kalavaniyo ngati zikomo. Nyumba ya njerwa amalume anamanga ndithu, koma anaimanga kuchikamwini. Akazi awo atamwalira, inatsala ndi eni mudzi. Ndiye pa zaka zonsezo anatuluka ndi kalavaniyi basi, ndi malo a pansi pa mtengo wa mango amene mayi anga, mlongo wawo, anawalozera ku Malosa. Amene anagula malo a mzunguyo sanabise mawu: likafika Lolemba kalavani ikadali pabwalo, aitana ogula zitsulo. Ife tinapita Loweruka.

Ndinanyamuka ku Chikanda cha m'ma sikisi koloko m'mawa. Wakabaza anandiuza K300 mpaka kudepoti. Ndinamufotokozera kuti kuyenda wapansi kumalimbitsa mtima, ndipo ndinayenda. Kudepoti ndinapeza alamu anga a Jafali, amuna a achemwali anga, atakhala m'pikapu yawo ija imanyamula nsomba za ku Kachulu. Galimoto imeneyi umayamba kuimva ndi mphuno, maso amabwera pambuyo.

"Pulofesa wafika," anatero, nandipatsa mandasi awiri okulunga m'nyuzi.

Za upulofesazi ndifotokoze. Ndinaphunzira sayansi pa koleji chaka chimodzi ndi theka, mpaka akuluakulu anandilembera kalata yondipempha kuti nzeru zanga ndikapitirize kwina. Anzanga amati ndinawidedwa. Ine ndimati tinasiyana maganizo.

Tinafika pamwamba hafu pasiti seveni, nkhungu ikadali m'mitengo ya paini, kukuzizira ngati Juni. Amalume anali atavala jekete ndi tayi, ataima pambali pa kalavani yotsukidwa mpaka kuwala. M'kati anali atalongedza moyo wawo wonse: chitofu chachitsulo, makina osokera a malemu akazi awo, matumba atatu a mbatata ya kachewere, ndi mbale zadothi zoyera zimene adona, akazi a mzungu uja, anawasiyira, zomwe sanadyerepo ngakhale kamodzi.

Pafupi ndi chitseko panali kachitsulo kokhomeredwa, kolembedwa manambala. Amalume anatilozera imodzi, 45. Kenaka anatulutsa m'thumba la jekete geji, kachipangizo konga cholembera koyezera mpweya wa m'tayala. Zaka zisanu ndi zinayi kalavaniyo sinasunthe, koma tsiku loyamba la mwezi uliwonse ankayeza matayala onse, ndi sipeya yomwe, n'kuwapopa ndi pampu ya phazi mpaka afike pa nambalayo.

"Pampuyo ili kuti?" ndinafunsa.

"Ndi ya panyumba. Ndaitsekera m'sitolo, makiyi ndinapereka dzulo."

Mawu amenewa ndinawamva, koma sindinawasunge.

A Jafali anamenya tayala ndi phazi, nabwerera m'mbuyo akutsimphina, n'kutembenukira kwa amalume.

"Amjomba, ili si tayala, ndi mwala. Kuno kukuzizira, koma kumunsi ndi Okutobala, phula likuwira. Tikamafika pa Songani liphulika ngati bomba. Ife ansombafe nyengo ino timaphwetsako."

"Bwana ankati fote faifi," anatero amalume. "Dzinja, chilimwe, fote faifi."

Onse awiri anatembenukira kwa ine.

"Pulofesa, tilamuleni."

Chilandirire kalata ija, aka kanali koyamba munthu kundifunsa za sayansi. Ndinatsokomola, n'kuika manja kumbuyo. Ndinafotokoza kuti mpweya ukatentha umafufuma, ukafufuma umafuna malo, ukasowa malo umadzitsegulira khomo wokha. Zonsezi n'zoona, zinali pa tsamba limene ndinawerenga. Tsamba lotsatira ndi limene anzanga anaphunzira ine nditapita.

"Koma bwana ankati..."

"Amalume, za 'bwana ankati' zinapita ndi chipani chimodzi. Masiku ano timavota. Amene akuti tiphwetse?"

Manja awiri anakwera.

"Nyumba ndi yanga," anatero amalume motsitsa mawu.

"Zoona, koma voti ndi imodzi imodzi."

Ndinatulutsa kamtengo ka machesi, n'kugwada, n'kudinikiza pa valavu. Mpweya wa zaka zisanu ndi zinayi unayamba kutuluka, psiii, wonunkha mphira wakale. Amalume ananditambasulira geji ija. Ndinawauza kuti diso lophunzira ndi lokwanira. Ndinasiya pamene tayala lililonse linatulutsa kamimba pansi, a Jafali atalimenyanso ndi phazi n'kunena kuti tsopano likuyankha mwaulemu.

Kutsogolo kwa pikapu malo analipo, koma amalume anakana. Anati mbale sizingatsike phiri popanda wozigwira. Tinapangana chizindikiro: atenga poto ndi chipande. Akamenya kamodzi, ndiye kuti zili bwino. Akamenya kosalekeza, tiime.

Naini koloko tinauyamba. Pa geti, poto analira kamodzi. Tinadutsa ogulitsa zipatso, akutithamangira ndi timabasiketi ta masitiroberi, "Faifi handiredi, bwana, faifi handiredi!" Poto analiranso kamodzi. Ndinatsamira, n'kuika chigongono pawindo monga munthu amene wathandiza dziko.

Amene simunatsikepo msewu umenewu, dziwani kuti unamangidwa ndi munthu amene ankadana ndi mizere yowongoka. Mbali imodzi ndi khoma la miyala, inayo kulibe kanthu, ukungoona madenga a tauni ang'onoang'ono kumunsi ngati zotsekera mabotolo. Pakona iliyonse khoma ndi phompho zimasinthana mbali.

Pakona yachitatu kalavani inayamba kuvina. Poyamba pang'ono, ngati mayi amene wamva nyimbo ali m'khitchini. Kenaka inapita kumanja, kumanzere, kumanja, ndipo ulendo uliwonse inkakoka matako a pikapu kupita nawo. A Jafali anasiya kuimba. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Alamu, ikutikankha."

"Ndi mphamvu yokokera zinthu pansi," ndinatero. Mawu anatuluka opyapyala.

M'galasi loonera kumbuyo ndinaona khoma loyera la kalavani likubwera, likuchoka, likubweranso. Amayi osenza nkhuni amene ankatsika m'mphepete mwa msewu anaima, nadzikanikiza kumiyala mpaka titadutsa. Fungo la nsomba linali litagonjetsedwa ndi lina, la mabuleki ndi mphira. Ndipo poto anayamba: ngwe, ngwe, ngwe, ngwe.

Poimapo panalibe. Tinayenda makona awiri poto akulira, a Jafali akupemphera m'Chiarabu, ine m'Chichewa, mpaka tinapeza kamalo kotakasuka pamene alendo amaima kujambula tauni.

Amalume anasuzumira pa kawindo, tayi itakhotera kumbali.

"Ikuvina. Mbale zikuyenda zokha."

Ndinagwira tayala lakumanzere, n'kuchotsa dzanja msanga. Linali ngati chiwaya. A Jafali analigwiranso, nkhope yawo n'kuwala.

"Mwaona, amjomba? Latentha chonchi titaphwetsa. Tikanapanda kuphwetsa, bwenzi pano tikukutolani m'mitengo. Pulofesa, chotsaninso."

Pamalopo panali bambo wina akupumula, njinga yake itasenza nkhuni zosanjikiza kutalika kuposa iye mwini. Anatiyang'ana ndikugwada ndi kamtengo kanga.

"Pepani, akulu, ine si wa galimoto. Koma njinga yangayi ndikaisenzetsa chonchi ndimaipopa mpaka ilimbe gwa. Ikafewa imandigwetsa, chubunso chimatentha n'kung'ambika."

"Achimwene," ndinatero mokoma mtima, "njinga ndi njinga."

"Chabwino, bwana."

Amalume anatulutsa dzanja pa kawindo, geji ili m'manja. Linakhala m'malere choncho kanthawi. Palibe anailandira. Dzanjalo linabwerera m'kati, kawindo n'kutsekeka. Psiii, kumanzere. Psiii, kumanja.

Kuchokera apo a Jafali anaika giya yoyamba, koma sizinathandize. Kalavani sinkavinanso, tsopano inkadzandira ngati munthu wochokera ku kachasu. Pakona iliyonse inkapendekera kunja, n'kuima kaye ngati ikuganiza, kenaka n'kubwerera. Ndinatulutsa mutu pawindo kuyang'ana kumbuyo. Tayala lakumanzere linkapindika pansi pa limu, chitsulo chake chija chapakati, mbali yake ikukwecha phula. Kuseri kwake kunali udzu wa chikhatho chimodzi, kenaka mlengalenga.

Chimene chinandiopsa kwambiri si chimenecho. Poto sankalira. Osati kamodzi, osati kosalekeza. Munthu amene ali ndi manja awiri okha, akasiya kumenya poto ndiye kuti manja onse agwira china, kapena sagwiranso kanthu.

"Alamu, tiime."

"Tiime pati? Ndiuzeni pamene pali poima!"

Pamenepo lole ya matabwa inatulukira pakona ikukwera, yopanda katundu, ili pakati pa msewu, ikuliza hutala. A Jafali anakhotera kumanzere. Ndinamva tayala la kalavani likutsika pa phula kugwera m'mphepete mokumbika, likukweranso. Lole inadutsa, wothandizira wake akutikuwira mawu amene sindingalembe. Tinalowa kona yotsatira, kulemera konse kwa chitofu, makina ndi mbatata kunatsamira mbali imodzi.

Phuu!

Pikapu inakokedwa chammbali ngati mbuzi ya pachingwe. Chitsulo chinalira pa phula. Ndinamva mbale, zambirimbiri, zikulankhula zonse nthawi imodzi. Kenaka kugunda kumodzi kwakukulu, injini n'kuzima.

Kona imeneyo khoma linali kumanzere. Yam'mbuyo mwake, kumanzere kunali phompho. Ndawerengera kangapo kutalika kwa pakati pa makona awiriwo, ndipo yankho silinandisangalatsepo.

Kalavani inali itagwera m'ngalande mbali imodzi, phewa lake litatsamira miyala. Zidutswa za tayala zinali mbwee mumsewu, zikufuka.

"Amalume!"

Zii.

"Amjomba!"

Chitseko chinali chitakanirira. Ndinachikoka, ndinachimenya ndi phewa, ndikuganiza mmene ndikayambire kuwauza mayi. A Jafali anabwera ndi chitsulo chomasulira matayala, n'kuchikanula.

Amalume anali atakhala pansi pakati pa mbatata ndi zidutswa zoyera, makina osokera atawakumbatira pachifuwa ngati mwana. Pamphumi panali kabala, magazi akutsikira pa nsidze. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, mosafulumira.

"Zotsatira za chisankho zatuluka?"



Anatuluka okha, anakana dzanja langa. Anapita ku tayala lotsalalo, anagwada ndi buluku lawo la kutchalitchi, n'kuika geji. Anangondionetsa: 19. Kenaka analoza sipeya imene inamangidwa kumbuyo, yokhayo imene komiti yathu inaiiwala. Anaiyeza. 45.

Bambo wa nkhuni uja anatipeza tikulimbana ndi jeke. Anaimika njinga yake bwinobwino, natithandiza kukankha kalavani kuichotsa m'ngalande. Za njinga sanatchulenso. Ulemu wotere umapweteka kuposa chipongwe.

Tinamanga sipeya cha m'ma leveni. Tsopano nyumba inaima ngati munthu wovala nsapato imodzi, mbali ina yolimba, ina yophwa, ndipo sipeya ina kunalibe. Tayala lakumanjalo likanangotsatira mnzake, kalavani ikanagona pamsewu mpaka ogula zitsulo kuipeza pomwepo. Apa m'pamene ndinakumbukira pampu yotsekeredwa m'sitolo. Mpweya kuutulutsa ndi kamtengo ka machesi, koma kuubweza machesi sathandiza.

Amalume anagawa ntchito popanda voti. Iwo akhala kutsogolo ndi a Jafali. Galimoto iyenda liwiro la munthu wapansi. Munthu wapansiyo ndine, ndiziyenda pambali pa tayala ndikuliyang'ana, poto ndi chipande zili m'manja.

Ndinatsika choncho mtunda wotsalawo, dzuwa lili paliwombo, maso ali pa mphira umene unkapindika ndi kuwongoka, kupindika ndi kuwongoka. Mng'alu uliwonse wa m'mbali mwake ndinaudziwa ngati wachibale. Tinadutsa nyumba zakale za boma, tinalowa m'tauni, minibasi zikutiimbira mahutala. Anyamata awiri a pa koleji amene ndimakhala nawo ku Chikanda anandiona.

"Pulofesa! Mwagula nyumba? Nanga potoyo, phwando lake ndi lero?"

Ndinawagwedezera mutu monga mwini katundu.

Hafu pasiti thwelofu tinafika pa malo opopera matayala, m'mbali mwa msewu wopita ku Songani. Mwini wake ndi mayi wina wamkulu, Abiti Yusufu, amene anatenga ntchitoyo amuna awo atadwala msana. Anazungulira kalavani, anayang'ana tayala lophwalo, anayang'ana zotsala za linzake m'pikapu.

"Waphwetsa ndani?"

Ine ndinayang'ana phiri. A Jafali anayang'ana foni.

"Komiti," anatero amalume.

"Mayi, tangopopani, tikuchedwa," anatero a Jafali.

Abiti anaika chikhatho pa tayala. "Lotentha sindiyeza, limanama. Khalani pansi lizizire."

Tinakhala pa benchi pafupifupi ola. A Jafali anagula tchipisi cha pachiwaya, tinadya ngati pamaliro. Amalume anamata pulasitala pamphumi. Ine, pofuna kupulumutsa kachidutswa ka ulemu, ndinayamba kufotokozera Abiti kuti mpweya ukatentha umafufuma.

Anatola waya pansi, nandipatsa. "Pindani. Wongolani. Pindaninso. Fulumirani."

Ndinapinda, ndinawongola. Posakhalitsa waya unandiotcha zala, kenaka unaduka.

"Ndi dzuwa limenelo?" anafunsa.

"Ayi."

"Tayala lofewa limapindika choncho nthawi iliyonse likazungulira, katundu ali pamsana. Limadziotcha lokha. Inu mukaona latentha mukuchotsanso mpweya, ndiye mukuthira palafini pamoto. Nambala yalembedwa apoyo ndi ya tayala lozizira. Amene anailemba ankadziwa kuti kunja kuli dzuwa, anasiya kale malo ake. Likatentha n'kukwera pang'ono, lisiyeni."

"Koma ansomba tonse timaphwetsa," anatero a Jafali.

"N'chifukwa chake ndimakudziwani nonse ndi mayina."

Anawerama n'kulowetsa chikhadabo m'mng'alu wa m'mbali mwa tayala, nawaitana amalume.

"Bambo, inu munasamala, ndaona. Koma tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. Pamwamba likuoneka latsopano, m'mbalimu ndi nkhalamba. Ku Malosa mufika, mukayenda ngati mwanyamula mazira. Mukafika, musadzaliyendetsenso."

Anayatsa makina, napopa. Tayala linadzuka pang'onopang'ono, kamimba kaja n'kulowa. Abiti anayeza ndi geji yawo, amalume anayezanso ndi yawo. Zinagwirizana. Atatchula mtengo, a Jafali anapezeka akuyang'ana m'injini mwachidwi. Amalume anangonditembenukira. Ndinapisa m'thumba.

Tinanyamuka thuu koloko, ine nditakhala kumbuyo kwa pikapu pa mamba a nsomba, nkhope kuloza kalavani. Inkatitsata mowongoka, mwaulemu, ngati si ija. Komabe galimoto iliyonse yaikulu ikatidutsa maso anga ankathamangira ku tayala lija. Njinga za kabaza zinkatipitirira. Minibasi ina inatidutsa, inatsitsa anthu, tinaidutsa, inatidutsanso, kondakitala n'kutifunsa ngati nyumbayo ili ndi lendi.

Pa Songani amalume analamula kuti tiime. Phula linali likunyezimira ndi kutentha. Anayeza lakumanja: 49. Lakwera. A Jafali anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, ndipo ndivomere pamaso pa dziko kuti dzanja langa linapita lokha m'thumba la machesi. Amalume anatambasula chikhatho. Ndinaikamo bokosilo. Analiika m'jekete, pamodzi ndi geji, nakwera galimoto.

Tinafika ku Malosa itangokwana folo koloko. Mayi anatuluka akululutira, analekeza pakati ataona pulasitala.

"Achimwene, mwatani pamphumi?"

"Demokalase, mlongo wanga."

Tinaikankhira kalavani pansi pa mtengo wa mango. Amalume anaika njerwa pansi pake kuti matayala apume, anasesa zidutswa za mbale n'kuzithira m'chidebe, osalola wina kuwathandiza. Makina osokera sanaphwanyike. Mbali imodzi ya nyumba inali ndi chipsera chachitali cha miyala ya m'phiri, koma chitseko chinkatsekeka, denga linali lonse. Anayatsa chitofu, naphika tiyi m'nyumba yawoyawo, pa dothi la kwawo. Pa makapu onse a adona anapulumuka atatu. Imodzi anapatsa mayi, ina a Jafali chifukwa ndi mkamwini, yachitatu anamwera okha, koyamba pa moyo wawo. Ine anandithirira m'botolo la jamu.

Ndili m'minibasi yobwerera ku Zomba, imene mayi anandilipirira, ndinasinkhasinkha monga amachitira anthu ophunzira. Tsikulo anthu atatu anandiuza zoona: wophika, wogulitsa nkhuni ndi mayi wopopa matayala. Palibe mmodzi mwa iwo amene akanatha kufotokoza chifukwa chake mpweya umafufuma. Ine ndikanatha, ndipo ndinafotokoza bwino kwambiri, kenaka n'kugwada kawiri konse ndi kamtengo ka machesi. Chiyambire tsikulo ndikaona nambala yokhomeredwa pa chitsulo, ndimaganiza kuti mwina amene anaikhoma anafika pa tsamba lotsatira.

Amalume anataya mbale za zaka makumi atatu. A Jafali anataya tsiku la nsomba. Ine, katswiri wa zomangamanga, ndinagula kwa Abiti Yusufu mpweya wa m'tauni wolowa m'malo mwa uja wabwino wa m'phiri umene ndinautaya ulere. Unandidya K200.